Za Duwa la Mutu wa Kamba ndi Anzake Oyenera Kumera Nalo

 Mwezi uno tafuna kukamba nanu za duwa lina lakutali, limene silimera kwathu, silidyedwa, ndiponso silingagulitsidwe pa msika wa m'mudzi. Kapena ena mwa inu mudzati: Nanga atilemberanji za duwa losalowa mumphika, pamene ife tili kalikiliki ndi makasu? Musafulumire kutaya pepalali. Pakuti duwa limeneli, ngakhale lili lachilendo, nkhani yake ndi ya madzi, ya mthunzi, ndi ya kusankha bwino okhala nawo pafupi. Ndipo palibe mwini dimba kapena mwini banja amene sadziwa kulemera kwa zinthu zitatu zimenezi.

Ife amene tikulemba tidatumidwa kudzatumikira ku Maryland, chigawo cha kum'mawa kwa dziko la United States. Kuseri kwa nyumba imene timakhalamo kuli malo otsika, onyowa chaka chonse, amene kwathu tikadawatcha kadambo. Dzuwa limafikapo m'mawa mokha, pakuti kuyambira masana mitengo italiitali imaphimba ponse. Anthu ambiri a kuno akapeza malo otere amakumba ngalande, nakwirira mipope yochotsa madzi, nabzala kapinga. Koma madzi saiwala khwawa: mvula yaikulu ikagwa amabwerera pomwe adali, kapinga uja naola. Akhristu achikulire a m'parishi, odziwa zomera za dziko lawo, adatilangiza kuti tisalimbane ndi madziwo, koma tibzale chimene Mlengi adachikonzera malo otere. Ndipo choyamba chimene adatchula ndicho duwa limene iwo amati turtlehead, ndiko kunena mutu wa kamba. Ife pano tidzautcha mutuwakamba.

Dzinali silidaperekedwe chabe. Duwa lililonse ndi lotupa kumbuyo, lili ndi milomo iwiri, wapamwamba wokhota ngati chipewa ndi wapansi wotseguka pang'ono. Ukaliyang'ana cham'mbali umaona kamba wotulutsa mutu m'chigoba, atayasamula pang'ono. Maluwawo amaunjikana kunsonga kwa tsinde, namasula kuyambira pansi kukwera kumwamba. Tsinde lake limatalika masentimita 60 mpaka 120. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, osongoka, a manomano m'mphepete, ndipo amamera awiriawiri moyang'anana. Ndi owawa zedi, kotero kuti anthu akale a dziko lino ankawawiritsa ngati mankhwala a njoka za m'mimba. Pansi uli ndi mizu yoyenda pang'onopang'ono, imene sifa m'nyengo yachisanu ngakhale zapamwamba zonse zitauma.

Odziwa zomera amautcha Chelone, mawu a Chigiriki otanthauza kamba. Carl Linnaeus wa ku Sweden adalemba mtundu woyera mu 1753 ndi dzina lakuti Chelone glabra. Umenewu umamera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje kuyambira ku Newfoundland, m'dziko la Canada, kutsika mpaka ku Georgia. Mitundu yonse ilipo 4, ndipo yonse kwawo ndi kum'mawa kwa North America. Wina wofiirira, Chelone lyonii, umachokera m'mapiri a Appalachian, ndipo udatenga dzina la John Lyon wa ku Scotland, amene adayendayenda m'mapirimo kufunafuna zomera, namwalira komweko mu 1814. Ife tidasankha woyera, chifukwa ndiwo mwini dera lino, ndiponso pa chifukwa china chimene mudzachimva m'tsogolomu.

Pakamwa pa duwali ndi potsekeka, ndipo tizilombo tofooka sitingalowemo. Mlendo wake weniweni ndi njuchi yaikulu yaubweya, yonga bemberezi wa kwathu, imene imakankha milomo ija ndi mphamvu, nilowa thupi lonse mpaka kusowa. Pamenepo duwa lonse limagwedezeka ngati kamba ali kutafuna, ndipo ana a m'parishi amaima nthawi yaitali kudikira kuti njuchiyo ituluke. Potuluka imakhala itapakidwa mungu pamsana, umene imakausiya m'duwa lina. Motero mbewu zimakhwima. Onani tsono kuti ngakhale pa kubala komwe duwali silidalira lokha.

Zofuna zake ndi zochepa, koma sizisinthika. Mutuwakamba umafuna nthaka yachonde, ya masamba oola, yosauma konse. Ukasowa madzi, masamba apansi amauma m'mphepete, nagwidwa ndi chuku choyera ngati ufa. Umakonda dzuwa lam'mawa ndi mthunzi wamasana. Pa mthunzi wandiweyani umatalika mowonda, nugwa, numasula maluwa ochepa. Ndiponso uli ndi chikhalidwe cha kamba mwini wake, ndicho kuchedwa. Chisanu chikatha mu Malichi, zomera zina zimathamangira kuphuka, koma iwo umatuluka pang'onopang'ono, ndipo sumasula kufikira Ogasiti kapena Sepitembala. Munthu wobzala iwo wokha adzaona nthaka yambee miyezi yoyamba, udzu woipa nulowapo, mvula nikokolola dothi. Ndipo maluwa adzawadikira chaka chonse kuti awaone masabata owerengeka. Chifukwa chake funso lalikulu silili pa duwa lenilenilo, koma pa anzake.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa inu. Amayi a kwathu amabzala nyemba ndi maungu pakati pa chimanga: chimanga chipatsa nyemba poyanga, nyemba ziwonjezera chonde ndi timatuza ta m'mizu yake, maungu nayala masamba otchinga dzuwa ndi udzu. Mbewu zitatu zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zidafika kwathu pambuyo pa chaka cha 1500. Anthu a mtundu wa Haudenosaunee, a kumpoto kwa kuno, ankazibzala phando limodzi, nazitcha alongo atatu. Ndipo mwa anthu amenewa mudabadwa Kateri Tekakwitha mu 1656, namwali amene Papa Benedict XVI adamlengeza kuti ndi woyera mu 2012. Tsono lamulo la m'munda wa chimanga ndi lomwelo la m'dimba la maluwa; kusiyana kwake nkwakuti pano tiyang'ana zomera zokonda matope ndi mthunzi.

Choyamba chimene tidasamala nchakuti mnzake wa mutuwakamba akhale wa ludzu lofanana nalo. Chomera chokongola chotani, ngati kwawo ndi ku mchenga wouma, chidzaola mizu pamalo pano. Ndipo mwini dimba akachotsa madzi kuti achipulumutse, adzapha mutuwakamba. Sungathe kukondweretsa onse awiri pa phando limodzi. Walira mvula walira matope: amene wafuna duwa la m'dambo alandirenso dambo lomwe. Chotero tidasiya maluwa ambiri a m'masitolo, ngakhale anali owala, tidafuna okhawo amene Mulungu mwini adawabzala pamodzi ndi mutuwakamba m'mbali mwa mitsinje ya dziko lino.

Woyamba mwa amenewa ndi Lobelia cardinalis, duwa lofiira psuu, limene lidatchedwa dzinali chifukwa lifanana ndi zovala za Makadinala a Eklezia. Limatalika ngati mutuwakamba, limamwa madzi ofanana, ndipo limamasula kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, kotero kuti kufiira kwake kumakumana ndi kuyera kwa mnzake. Mlendo wake ndi kambalame kakang'ono koposa, kotchedwa hummingbird, kamene kamaima m'malere nkumayamwa timadzi totsekemera ndi mlomo wake wautali; motero maluwa awiriwa salimbirana alendo. Koma duwali silikhala zaka zambiri. Limapitiriza mtundu wake ndi timbewu tonga fumbi, timene timamera pa dothi lonyowa losaphimbidwa. Ndipo timasamba take tapansi, timene timakhala tobiriwira m'chisanu, timaola tikakwiriridwa ndi zinyalala zambiri. Tsono pozungulira ilo timasiya pang'ono poyera. Mbale wake wa maluwa obiriwira ngati thambo, Lobelia siphilitica, ndi wolimbirapo, ndipo njuchi zaubweya zija zimamkonda. Onse awiri ndi oipa kudya, ndipo ana timawachenjeza.

Chachiwiri nchakuti anzakewo akhale a nyengo zosiyana, kuti wina akagona wina adzuke. Kuno nyengo zimayenda mosemphana ndi kwathu: pamene inu mukupalira chimanga mu Disembala ndi Januwale, kuno nthaka imauma gwaa ndi chisanu, mitengo nikhala yopanda tsamba. Tsono pali zomera zina zimene zimafulumira kuphuka mu Malichi ndi Epulo, mitengo isanavale masamba, pamene dzuwa likufikabe pansi. Caltha palustris amayala maluwa achikasu m'matope cha pa nyengo ya Pasaka. Mertensia virginica amapachika timabelu tobiriwira m'masabata omwewo. Zikatha kubala, masamba ake amafota, ndipo pofika Juni za Mertensia sizionekanso konse. Zimagona pansi kufikira chaka chamawa. Pa nthawi yomweyo mutuwakamba wayamba kutambasuka, nuphimba malo amene zasiya. Motero phando limodzi lidyetsa awiri, popanda kulandana.

Pali chinanso chimene Akhristu a kuno amachiseka ndi chikondi, Arisaema triphyllum, chimene amachitcha mlaliki wa pa gome, pakuti duwa lake lili ngati munthu woimirira m'kanyumba kokhala ndi denga pamwamba. Nchapachibale ndi koko wa m'madimba athu, ndipo muzu wake wauwisi umayabwa pakamwa monga momwe koko wosapsa achitira. Chimamasula mu Epulo ndi Meyi, ndipo kumapeto kwa nyengo yotentha chimasiya chitsa cha zipatso zofiira pansi pa mutuwakamba. Pamene madzi amaima kwenikweni tidaikapo Iris versicolor, wa masamba onga malupanga, amene amamasula kumapeto kwa Meyi, mwezi wa Amayi Maria, ndi kuchiyambi kwa Juni. Duwa limeneli ndilo chizindikiro cha chigawo cha Quebec kuyambira 1999, ndipo ku chigawo chimenecho kudachokera ansembe ndi asisitere ambiri amene adatumikira m'mishoni za kwathu.

Mukaika zonsezi pamodzi mudzaona kuti dimba limayenda ndi chaka cha Eklezia. Pa Pasaka pali chikasu ndi timabelu. M'mwezi wa Maria pali Iris. Pa chaka cha Kutengedwa kwa Maria Kumwamba, pa 15 Ogasiti, pali kufiira kwa Makadinala. Pa Kubadwa kwake, pa 8 Sepitembala, mutuwakamba uli mbee, ndipo zaka zina umafika nawo m'mwezi wa Korona. Ngakhale pa Khirisimasi sipasowa kanthu, pakuti kumbuyo tidabzala zitsamba za Ilex verticillata, zimene zimagwetsa masamba koma nkusunga zipatso zofiira pa nthambi, chakudya cha mbalame m'masiku a njala. Chitsamba chimenechi chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo chachikazi sichibala ngati chachimuna kulibe pafupi; chachimuna chimodzi chikwanira zachikazi zingapo.

Chachitatu nchakuti anzakewo asiyane msinkhu ndi ntchito. Pansi penipeni pafunika zofunda za nthaka. Ntchito imeneyi timaipatsa udzu wa mtundu wa Carex, wapachibale ndi gumbwa, umene mizu yake yambirimbiri imagwira dothi kuti lisapite ndi madzi; ndiponso Tiarella cordifolia ndi Asarum canadense, zoyala pansi m'malo okwererapo, pamene pali chinyontho koma madzi saima. Pakati pafunika zomera za fern, zosabala maluwa, za masamba onga nthenga, zofanana ndi zimene muziona m'makhwawa a phiri la Zomba ndi la Mulanje. Za mtundu wa Osmunda ndi wa Osmundastrum zimakonda matope, zimakhala chitsa chimodzi osathawa, ndipo zimatchinga mizu ya mutuwakamba kuti isatenthedwe, nizichirikiza matsinde ake pa mphepo. Kumbuyo, kumene dzuwa lichulukirapo, kuyenera zazitali monga Eutrochium, imene imafika mamita 2. Ikaikidwa kutsogolo ikadaphimba anzake onse. Pakati pa chitsa ndi chitsa cha mutuwakamba timasiya masentimita 45 mpaka 60, kuti mphepo ipite ndi chuku chisachuluke. Ndipo kumapeto kwa Meyi timatsina nsonga zake, monga muchitira ndi fodya kapena maungu, kuti ukhale wamfupi ndi wanthambi zambiri.

Chachinayi, ndipo pano tcherani khutu, nchakuti mnzake asakhale wolanda. Si onse okonda madzi ali abwenzi. Lythrum salicaria, duwa lokongola ndithu lochokera ku Ulaya, lidafika ku America m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Chitsa chimodzi chachikulu chingathe kubala mbewu zofika 2 miliyoni pa chaka, ndipo madambo ambiri lidawadzaza lokha, eni nthaka nasowa pomera. Bango lochokera ku Ulaya lachita chimodzimodzi m'mbali mwa nyanja ya Chesapeake. Choopsa koposa ndi Ficaria verna, chifukwa chimafanana ndi Caltha wathu wa pa Pasaka: maluwa achikasu, masamba owala, nyengo yomweyo. Uchizindikira pakuti chimayala pansi ngati mphasa, ndipo m'mizu chili ndi timbatata tambiri. Ukazula nkusiyako kamodzi, chaka chamawa chabweranso. Inu a m'mbali mwa Shire mukudziwa namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, ndi maluwa ake okoma m'maso, momwe amatsekera njira za mabwato ndi kusokoneza makina a magetsi a pa Nkula. Nthendayi ndi imodzi. Ngakhale pakati pa eni dziko alipo ofunika kuwayang'anira: fern ya mtundu wa Matteuccia imayenda pansi mofulumira, ndipo m'dimba laling'ono iyenera kudulidwa malire chaka ndi chaka.

Tsopano tifike pa chifukwa chija tidalonjeza. Pali gulugufe wakuda, wa madontho oyera ndi ofiirira ngati lalanje, amene moyo wake udamangidwa pa mutuwakamba woyera. Dzina lake ndi Baltimore checkerspot, ndipo dzinalo lili ndi mbiri imene Mkatolika aliyense angakondwe kuimva. George Calvert, nduna ya mfumu ya ku England, adaulula poyera mu 1625 kuti ndi Mkatolika, nasiya udindo wake, pa nthawi imene Akatolika a m'dzikomo sankaloledwa kupembedza poyera. Iye ndiye Lord Baltimore woyamba. Mwana wake Cecil adalandira dziko la Maryland mu 1632, natumiza zombo ziwiri, Ark ndi Dove; ndipo pa 25 Malichi 1634, tsiku limene Eklezia akumbukira mngelo akulonjera Maria, Bambo Andrew White wa chipani cha Ajezuwiti adapereka nsembe ya Misa pa chilumba cha St Clement's. Mu 1789 mzinda wa Baltimore udakhala dayosizi yoyamba ya dziko la United States. Chizindikiro cha banja la Calvert chinali chakuda ndi chagolide, ndipo gulugufe uja, pokhala wovala mitundu yofanana nayo, adatchedwa dzina lawo. Mu 1973 boma la Maryland lidamsankha kukhala chizindikiro chake pakati pa tizilombo touluka.

Imvani tsono mayendedwe a moyo wake. Mu Juni kapena kuchiyambi kwa Julayi wamkazi amaikira mazira mazanamazana pamalo amodzi, kunsi kwa tsamba la mutuwakamba. Timbozi tikaswa timaluka chisa cha ulusi kunsonga kwa tsinde, nitidyera limodzi m'menemo. Kuwawa kwa masamba kumalowa m'matupi mwawo, ndipo kumakhalamo mpaka atasanduka agulugufe; mbalame ikalawa mmodzi siyesanso wachiwiri. Chimene chili chowawa m'kamwa ndicho chishango chawo. Kumapeto kwa nyengo yotentha timbozito timaleka kudya tisanakule, pambuyo pake nititsikira pansi, nitibisala m'masamba ogwa chisanu chonse. Tikadzuka m'nyengo yophukira tili ndi njala yaikulu, pamene mutuwakamba, mwa kuchedwa kwake kuja, udakali waung'ono. Tsono timabalalika kukafuna zomera zina zimene tingadye, monga Penstemon, mbale wake wa mutuwakamba, ndi chitsamba cha Viburnum dentatum. Ndipo tikasanduka agulugufe mu Juni, mutuwakamba sunamasule. Chakumwa chawo achipeza m'maluwa a nyengo imeneyo, monga a Asclepias.

Apa ndiye pagona nkhani. Mayi wa gulugufeyu ndi mutuwakamba, koma mayi yekha sangamlere mpaka kukula. Afunika oyandikana nawo odyetsa mbozi m'nyengo yophukira, ena omwetsa gulugufe mu Juni, ndi masamba ogwa omufunditsa m'chisanu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chifukwa chake m'mphepete mwa kadambo kathu, kumene dzuwa liwala nthawi yaitali, tidabzalako Penstemon, Viburnum ndi Asclepias incarnata, mtundu wokonda matope. Ndipo mutuwakamba womwe tidaubzala zitsa zambiri, pakuti chisa chimodzi cha mbozi chingathe kumaliza zitsa ziwiri kapena zitatu. Masamba akagwa mu Novembala sitisesa, ndiponso sititentha. Alendo ena amati dimba lathu ndi la anthu aulesi. Koma pansi pa zinyalala zotere ndi pamene mbozi zimagona, pamodzi ndi njuchi zazikazi zaubweya zimene zidzayamba mabanja atsopano.

Gulugufe ameneyu wachepa kwambiri m'dziko limene lidamsankha kukhala chizindikiro chake. Madambo ambiri adaumitsidwa kuti pamangidwe nyumba ndi misewu; ena adadzala ndi zomera zolanda zija; ndipo nyama zonga agwape, zimene zachuluka popeza zilombo zozigwira zidatha, zimabudula nsonga za mutuwakamba pamodzi ndi mazira omwe, ngakhale masambawo ali owawa. Nchifukwa chake tidazinga mpanda wa waya. Njuchi zaubweya zidabwera chaka choyamba chomwe, kambalame kaja kadabwera Makadinala atangomasula. Koma gulugufe wa Baltimore sanafike pathu kufikira lero, pakuti sauluka mtunda wautali, ndipo amakonda madambo otseguka koposa malo amthunzi. Komabe malo ake ali okonzeka, ndipo mabanja ena a m'parishi atenga mizu ya m'dimba lathu, imene timagawa m'nyengo yophukira, nakabzala m'malo awo onyowa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga inu, abale, mutolapo chiyani? Sitikuti muitanitse duwa limeneli. Likhale kwawo, monga namasupuni akadayenera kukhala kwawo. Koma dambo la kumunsi kwa mudzi wanu lilinso ndi eni ake amene Mulungu adawabzala pamodzi: katope, mkuyu ndi mbawa m'mbali mwa mtsinje, bango ndi gumbwa m'madzi, achule, nkhanu ndi mbalame zake. Munthu akadula mitengo ya pa kasupe nabzalapo bulugamu, wasankha mnzake wolanda madzi. Akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, wachotsa mizu yogwira gombe. Akatentha tchire lonse chifukwa cha mbewa zochepa, wapsereza zofunda za nthaka ndi tizilombo timene tikadabereketsa maungu ake. Zotsatira zake amazisenza amayi ndi atsikana, amene mu Okotobala amayenda mtunda wautali ndi ndowa. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si' ya mu 2015, adakumbutsa Akhristu kuti kusamala zolengedwa ndi mbali ya chikhulupiriro chawo. Ndipo ntchito imeneyi iyambira pa chitsime cha mudzi.

Ndipo pali dimba lina loposa madimba onse, ndilo ana anu. Mwana aliyense ali ndi nyengo yake. Alipo ofulumira ngati maluwa a pa Pasaka, ndipo alipo ochedwa ngati mutuwakamba, amene kusukulu ndi pa katekisimu amaoneka otsalira, makolo nataya mtima. Musamnyoze wochedwayo, ndipo musamuyerekeze ndi mbale wake pamaso pa anthu. Duwa lomasula mu Sepitembala ndilo limadyetsa njuchi pamene ambiri afota. Koma yang'anirani amene amera pafupi naye. Mudziwe anzake maina awo ndi makolo awo. Muwaitane adye nsima pakhomo panu, kuti muone ngati ludzu lawo lili limodzi ndi la banja lanu. Bwenzi loipa kawirikawiri silibwera ndi nkhope yoopsa. Limabwera lowala ngati Ficaria, lofanana ndi labwino, ndipo mudzalizindikira pa chimodzi, kuti pamene lafika ena onse amachoka: mwana aleka kucheza ndi abale ake, aleka kupita ku Misa, nabisa kumene wachokera. Pamenepo musachedwe, pakuti timbatata tikachuluka pansi, kuzula kumavuta.

Musaganizenso kuti mudzalera nokha. Ngati gulugufe wamng'ono afuna zomera zinayi kapena zisanu kuti akule, koposa kotani mwana wa munthu! Afuna agogo omuuza zakale, amalume ndi azakhali omudzudzula, aphunzitsi, akatekisiti, ndi makolo a ubatizo amene sadangoima naye tsiku limodzi pa tchalitchi, koma amamfunsa za moyo wake chaka ndi chaka. Posankha makolo a ubatizo musayang'ane chuma kapena kutchuka. Yang'anani ngati munthuyo amapemphera, ngati amasunga banja lake, ndiponso ngati adzakhala pafupi. Mphakati kapena limana lanu likhale ngati dambo losamalidwa bwino, m'mene wamtali saphimba wamfupi, ndipo wokalamba, ngakhale aoneke ngati tsamba logwa, sasesedwa, pakuti pansi pake pamafunda moyo wa mawa. Mawu owawa a mkulu wokonda mwana ali ngati kuwawa kwa tsamba lija: salawika bwino, koma amamteteza ku zolusa.

Tikupemphani tsono zinthu ziwiri mwezi uno. Lamulungu lina mutatuluka ku Misa, bambo ndi mayi atenge ana apite nawo ku dambo kapena ku mtsinje wa mudzi, awaphunzitse maina a mitengo ndi udzu womera pamenepo, ndi ntchito ya chilichonse. Ndipo ngati kasupe wayamba kuphwa, akambirane ndi amfumu za kubzalanso mitengo yake yakale. Ndipo madzulo a tsiku lomwelo, ana atagona, makolo awerenge pamodzi anzake a mwana aliyense, nawapempherere mmodzimmodzi. Mulungu, amene adaika chomera chilichonse pamalo pake, asunge mabanja anu mu mtendere. Ndipo Maria Virgo Woyera akupempherereni. Nafenso mutikumbukire pa Korona yanu yamadzulo.